Ma contact lens otha deti, akwatibwi ndi opaka makeup ku Mulanje tamvani

Nyengo ya maukwati ikangofika ma status a WhatsApp kuno ku Mulanje amadzadza ndi ma contact lens, a grey, a brown, ena obiriwira, mtengo wake wotsika mpaka kudabwa. Ena abwera ndi achibale ochokera ku Joni, ena agulidwa ku Limbe mu katoni nkudzagulitsidwa pa Chitakale kapena pa Luchenza limodzi ndi nsidze zomata ndi mawigi. Ine sindikudana ndi kutchena ayi, mkwatibwi azioneka bwino pa tsiku lake, koma chomwe chimandidetsa nkhawa nchoti ogula amasankha kala basi, kapaketi osakatembenuza kuti aone deti, chonsecho katundu wotere akatchipa kwambiri china chimene chimamutchipitsa ndi deti yomweyo.

Tatengani kapaketi kamene muli nako kunyumbako. Lens ili mu kapulasitiki kokhala ndi timadzi, pamwamba amata ndi foyilo. Pa foyilopo kapena pa bokosi pali zilembo EXP, pena pamakhala kachizindikiro konga timabotolo tiwiri tolumikizana pakamwa, pambali pake manambala, amayamba ndi chaka kenako mwezi, nde 2024-06 ndi Juni wa 2024. Timadzi timeneti ndi tamchere tophedwa majeremusi ku fakitale, ndipo opanga amangotsimikiza kuti mkatimo ndi mwaukhondo kufikira deti imeneyo. Ikadutsa palibenso amene angakulonjezeni kuti chomatacho sichinalekeze penapake, komanso kumbukirani kuti kapaketiko kayenda mu basi, kakhala mu chikwama, kagona pa shelefu ya shopu ya malata ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja. Foyilo ikakhala yotukuka, timadzi taphwera kapena tachita mbuu, lens yamatirira mmbali, tayani olo deti ikhale isanakwane. Popanda deti pena paliponse musagule nkomwe.

Pali deti ina yachiwiri imene anthu saiwerengera, yoyambira tsiku lomwe mwatsegula. Ma lens ena ndi a tsiku limodzi, mwavala mmawa madzulo kutaya. Ena a masabata awiri, ena a mwezi. A mwezi akutanthauza masiku 30 kuchokera pomwe munatsegula, osati kuvala ka 30 ayi. Apa mpomwe ambiri amagwera, wavala pa bridal shower mu Seputembala, wabweza mu kakesi, nkudzatulutsa pa Khirisimasi ati ndinangovala kamodzi kokha, lens yakhala miyezi itatu mu madzi omwewo oti mphamvu yopha majeremusi inatha kalekale. Solushoni, madzi ogula otsukira ndi kusungiramo lens, nayenso ali ndi deti yake, ndipo botolo likatsegulidwa ambiri opanga amati lisapitirire miyezi itatu, werengani pa botolo lanulo. Kakesi muzisintha miyezi itatu iliyonse, ndipo osamangothira solushoni watsopano pamwamba pa wakale, khuthulani yense, tsukani ndi solushoni yemweyo, kaume chozondoka pa tishu yoyera.

Mwina mukuti nanga kapulasitiki kakang'ono chonchi kangaononge bwanji diso. Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera kamene madokotala amati cornea, mulibe mitsempha ya magazi mmenemo, mpweya kamatenga kunja kudzera mmisozi. Lens imakhala pamwamba pa kagalasi kameneka. Ikakalamba imagwira zonyansa za mmisozi, mpweya sudutsa bwino, mmphepete mwake mumayamba kukala, nde imakanda timabala tosaoneka ndi maso, majeremusi apeza khomo. Pali bakiteriya wina dzina lake Pseudomonas, ameneyu sachedwa, tsiku limodzi kapena awiri chilonda chakula mpaka kutha kuboola diso. Wavala Loweruka ku ukwati, Lolemba diso silikutseguka.

Za madzi ndiyankhulepo kwambiri chifukwa kuno madzi athu ndi oyera mbee ochokera mphiri nde anthu amaganiza kuti ndi abwino pa chilichonse. Akumwa inde, koma a lens ayi. Mmadzi a pa mpopi, a pa mjigo, a mu Likhubula kapena mu Ruo mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamamatirira pa lens nkulowa mu cornea, ululu wake ndi woopsa ndipo kuchiza kwake kumatenga miyezi. Choncho osatsukira lens madzi, osasamba nayo, ndipo inu okonda kukajambulitsa ku Dziwe la Nkhalamba vulani kaye musanalowe mmadzi. Madzi amchere opanga nokha kunyumba ayi, malovu ayi ndithu. Mu 2006 kampani ya Bausch & Lomb inachotsa pa msika solushoni wake wa ReNu with MoistureLoc anthu ku Singapore, ku Hong Kong ndi ku America atadwala matenda a maso obwera ndi fangasi wotchedwa Fusarium. Ameneyo anali solushoni wa mu fakitale womata bwinobwino, nanga kuli bwanji wotsanulidwa mu kabotolo kopanda lebulo komwe ena amakupatsani ngati bonasi?

Kugona ndi lens nakonso, bungwe loona za matenda la CDC la ku America limati kumachulukitsa chiopsezo cha matenda ka 6 mpaka 8. Mwatopa bwanji kuchokera ku resepishoni, sambani mmanja ndi sopo, pukutani ziume, vulani.

Tsono diso likayamba kupweteka, kufiira, misozi osaleka, kuwala kukulasani, kuona mwachimbuuzi, kumva ngati muli mchenga, kapena mwaona kadontho koyera pa gawo lakuda lija, vulani lens nthawi yomweyo ndipo musaitaye, ikani mu kakesi mutenge pamodzi ndi kapaketi ndi botolo la solushoni popita ku chipatala tsiku lomwelo, osati mawa. Musadzinamize kuti ndi pink eye ngati uja anavuta mu 2024, kwa munthu wovala lens diso lofiira ndi lopweteka timalitenga ngati chilonda kufikira dokotala atanena kuti si chilonda. Yambirani pafupi, Mulanje District Hospital, Mulanje Mission, anzathu a ku Thyolo chipatala cha pa boma kapena ku Malamulo, ndipo mukafika nenani poyera kuti ndimavala ma contact lens, osachita manyazi, chifukwa mawu amenewo amasintha mankhwala omwe akupatseni. Zikakula amatumiza ku Blantyre ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queens.

Chonde chonde osathira mkaka wa mmawere, madzi a masamba, shuga kapena mkodzo mmaso, ndipo osagula mankhwala odontheza mwa inu nokha makamaka aja okhala ndi dexamethasone, amachotsa kufiira nde munthu nkumaona ngati akuchira pomwe chilonda chikudya mkati. Chilonda cha pa cornea olo chitapola chimasiya chipsera choyera, chikakhala pakati penipeni magalasi sathandiza, chimatha kufuna opaleshoni yoika cornea ya munthu wina, zomwe sizichitika pa chipatala cha pa boma.

Inu achemwali opaka makeup, mkwatibwi amakukhulupirirani kuposa aliyense mmawa umenewo, chomwe mwamuika mmaso sangafunse. Muonetseni deti, tsegulani kapaketi iye akuona, mmanja mosamba ndi mouma, lens ilowe musanayambe kupaka ndipo ivulidwe asanapukute makeup madzulo. Peya imodzi munthu mmodzi, yomwe wavala mkwatibwi wa sabata ino isakalowe mdiso la mperekezi wa sabata yamawa olo mutaiviika mu solushoni usiku onse. Ndipo amene akufuna kumavala kawirikawiri, kaya ndi okongoletsa chabe, ayambe wakapimitsa maso kwa optometrist amuyeze saizi, chifukwa maso sakhala ofanana ndipo lens yothina imakanda ngakhale ili yatsopano.