Kusintha mota ya galimoto ya rimoti ndi ndalama zochepa

Musanatulutse ndalama, chotsani chivundikiro cha galimotoyo muone mmene zam'kati zakhalira, chifukwa si galimoto ya rimoti iliyonse imene imalola mota yamphamvu. Mukapeza bolodi limodzi lokha limene mawaya onse akuchokerapo, ndi kamota ka saizi 130 kapena 180 kamene kagiya kake anachita kukhomera pa shafuti popanda kabawuti, dziwani kuti imeneyo ndi ya chidole. Tizipangizo ta pa bolodilo anatisankha molingana ndi magetsi ochepa amene kamotako kamakoka. Mukaikamo mota yokoka magetsi ambiri, galimoto ithamanga mphindi zingapo kenako bolodi lipsa, rimoti nayo n'kutha ntchito poti imamvana ndi bolodi lomwelo basi. Galimoto yotereyi ingoichotsani tsitsi ndi ulusi zimene zakulungana kuseri kwa mawilo, mudonthezere oyilo, ndipo kamota kakafa muikemo ka saizi ndi mavoti omwewo.

Yoyenera kuisintha mota ndi imene ili ndi zipangizo zoima pazokha: risiva yolandira uthenga wa rimoti, ESC yowongolera magetsi opita ku mota, ndi sevo yokhotetsa mawilo akutsogolo. Pali zina zotsika mtengo zimene risiva ndi ESC zili m'kabokosi kamodzi, sevo yake ya mawaya 5 m'malo mwa 3. Pa zimenezi werengerani bwino. Mukasintha ESC mudzagulanso risiva, rimoti yake ndi sevo ya mawaya 3, ndipo zonsezi pamodzi zikhoza kuposa mtengo wa galimotoyo.

Mphamvu imene ikutayika isanafike ku mawilo

Masulani kagiya ka pa mota, kamene timati pinion, muike galimoto posalala n'kuikankha ndi dzanja. Ikaima msanga, pali chimene chikudya mphamvu, ndipo mota yatsopano izingotenthera pomwepo. Kawirikawiri vuto limakhala mabushi, timphete timene shafuti imazunguliramo. Magalimoto ambiri otsika mtengo, ngakhalenso ena odzimangira wekha monga Tamiya TT-02, amabwera ndi mabushi a pulasitiki m'malo mwa mabering'i. Seti ya mabering'i ndi yotsika mtengo kuposa mota iliyonse yabwino, koma imawonjezera liwiro ndi nthawi imene batire limakhalitsa. Pa galimoto za 1/10, zochepa ka 10 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, saizi zofala za mabering'i ndi 5x11x4 mm ndi 5x10x4 mm, komabe yezani bushi yakale: bowo, m'mimba mwake ndi kunenepa kwake.

Chachiwiri ndi batire. La NiMH la maselo 6 limalembedwa 7.2V, koma mavoti ake amagwa mota ikayamba kukoka. La LiPo la 2S, kutanthauza la maselo awiri, ndi 7.4V, likadzaza limafika 8.4V, ndi lopepuka, ndipo limagwira mavoti ake mpaka kumapeto. Mota yakale yomweyo imadzuka ndithu ikapatsidwa LiPo. Koma LiPo ili ndi malamulo ake osati n'kuwaphwanya. Imafuna tchaja yolinganiza maselo. Selo isatsike kupitirira 3.0V, choncho ESC izidula magetsi pa 3.2V pa selo. Ngati ESC yanu ilibe chodulira chimenechi, gulani kaalamu kolira kolumikiza ku pulagi yaing'ono ya batire. Posunga, selo iliyonse ikhale pa 3.8V. Batire lotupa kapena lobooka musaligwiritsenso ntchito, limayaka moto, ndipo batire lililonse la LiPo musalisiye pa tchaja inu mutachokapo.

Onaninso pulagi. Yoyera ija ya mtundu wa Tamiya sigwira mwamphamvu, imatentha mpaka kusungunuka magetsi akachuluka. Ikani pulagi ya mtundu wa XT60 kapena Deans. Posintha pulagi ya batire dulani waya mmodzi, mumuwotcherere ndi kumuphimba, kenako mudule winayo. Kudula onse awiri nthawi imodzi ndi kugunditsa magetsi kudzera pa chodulira chanucho.

Kusankha mota

Njira yotsika mtengo koposa ndi kukhalabe pa mota ya mabulashi (tizidutswa ta m'kati topereka magetsi ku mbali yozungulira), ya mawaya awiri, chifukwa ESC imene muli nayo ikhoza kupitiriza ntchito. Manambala ofunika ndi awiri. Yoyamba ndi saizi. Mota ya 540 ndi ya pafupifupi 36 mm m'mimba mwake ndi 50 mm m'litali, shafuti yake 3.175 mm, mabowo a mabawuti a M3 otalikirana 25 mm. Ya 550 ndi yonenepa chimodzimodzi koma yotalikirapo, motero imakoka bwino galimoto yolemera, ngati malo alipo. Za 380 ndi 390 ndi za magalimoto ang'onoang'ono, shafuti yake ndi 2.3 mm.

Nambala yachiwiri ili ndi T kumapeto, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene waya wa kopa wakulungidwa m'kati. T ikachepa, mota imazungulira mwachangu, imakoka magetsi ambiri, imatentha kwambiri, ndipo mabulashi ake amatha msanga. Mota yasiliva ya Mabuchi imene imabwera ndi magalimoto ambiri a Tamiya ndi 27T. Kuchoka pamenepo kupita pa 23T kapena 20T ndi kusintha koonekeratu kosavutitsa magiya. Kudumphira pa 12T ndi nkhani ina. ESC iliyonse ili ndi malire a T olembedwa m'kabuku kake. Hobbywing QuicRun 1060, mwachitsanzo, imalola 12T kupita m'mwamba pa 2S, koma pa 3S, batire la maselo atatu, imafuna 18T kupita m'mwamba. Mukatsika kupyola malirewo ESC izidzizimitsa ikatentha, mwinanso kupseratu. Galimoto zokwera miyala pang'onopang'ono sizifuna liwiro: 35T mpaka 55T ndiye zake.

Mota ya brushless ili ndi mawaya atatu, ilibe mabulashi oti n'kutha, ndipo siyenda ndi ESC ya mota ya mabulashi. Gulani ziwirizi ngati seti imodzi, kumatsika mtengo komanso zimakhala zogwirizana kale. Saizi 3650 imalowa pamene panali 540, ndipo 3660 pamene panali 550, koma ma 3660 ena ali ndi shafuti ya 5 mm, ndiye pinion yanu yakale silowa. Liwiro lake amalilemba ndi kV, kutanthauza kuzungulira pa mphindi pa voti iliyonse mota isananyamule kanthu: 3300kV pa 7.4V ndi maulendo 24,420. Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi, poganiza kuti kV yaikulu ndiye mota yabwino. Pa galimoto ya 1/10 ya magiya a pulasitiki, 3000kV mpaka 3500kV ndi ESC ya 60A pa 2S ndi zokwanira, zoposa kale zimene galimotoyo inapangidwira. Mota ya 5000kV kupita m'mwamba imafuna batire lamphamvu, pinion yaing'ono ndi magiya achitsulo, zonse zogula padera. Mukafuna kudzagwiritsa ntchito 3S, kV ikhale yotsikirapo, osati yokwera.

Magiya: nkhani yagona apa

Pinion imazunguliza giya yaikulu yotchedwa spur. Mano a spur mukawagawa ndi mano a pinion, n'kuchulukitsa ndi nambala ya giyabokosi ya galimotoyo, mumapeza maulendo amene mota imazungulira kuti wilo lizungulire kamodzi. Pa TT-02, spur ndi ya mano 70, pinion 22, giyabokosi 2.6, ndiye 70 ÷ 22 × 2.6 = 8.27. Mukaika pinion ya mano 19, yankho likhala 9.58. Nambala ikakwera, mota imapepukidwa, galimoto imanyamuka mwamphamvu, kutentha kumatsika, liwiro la pamapeto n'kuchepako pang'ono. Zili ngati kupalasa njinga pachitunda: giya yolemera imakutopetsa usanafike pamwamba.

Choncho mota yothamanga kuposa yakale iyambe ndi pinion yochepa mano 2 kapena 3. Ambiri amachita zosemphana ndi zimenezi, mota yatsopano ndi pinion yaikulu tsiku limodzi, ndiye mota imapsa sabata isanathe. Matayala aakulu ndi udzu wautali nazonso zimalemetsa mota mofanana ndi pinion yaikulu.

Kukula kwa mano kukhale kofanana pa magiya onse awiri. Pali 48P, 32P, Mod 0.6, Mod 0.8 ndi Mod 1. Mano a 48P ndi a Mod 0.6 amaoneka ofanana ndi maso, koma si amodzi, ndipo mukawaphatikiza magiya amalira n'kudyana mpaka spur kutha mano. Werengani pa kabuku kapena pa giya pomwepo. Ngati pinion yakale ndi ya aluminiyamu, gulani yachitsulo; ya aluminiyamu imaperepeseka, ndipo fumbi lake lotuwa likasakanikirana ndi girisi limadya spur.

Kumanga

Chotsani batire. Jambulani mawaya ndi foni musanazule chilichonse. Masulani mota yakale, muyerekeze kutalika kwa mabawuti ake ndi kuya kwa mabowo a mota yatsopano. Bawuti yotalika mopitirira imakagunda mawaya a kopa m'kati n'kuipha mota isanazungulire n'kamodzi komwe. Kawirikawiri M3x6 kapena M3x8 ndi zokwana, malinga ndi kunenepa kwa chogwirira mota.

Lowetsani pinion kuti mano ake akhale moyang'anizana ndi mano onse a spur, osati theka. Kabawuti kake kakhale pa mbali yophwatalala ya shafuti. Kapakeni kadontho ka guluu wa mabawuti wabuluu, wofiira ayi chifukwa sadzamasuka, n'kumanga ndi alenikii ya 1.5 mm.

Tsopano mpata wa pakati pa magiya. Dulani kapepala ka m'kope, mukaike pakati pa pinion ndi spur, mukankhire mota ku spur, mumange mabawuti, kenako muzungulize giya kuti kapepalako katuluke. Gwirani pinion ndi chala n'kugwedeza spur: izigwedezeka pang'ono kwambiri, kumveka kuti tiki tiki. Yesani malo anayi kuzungulira spur, chifukwa ya pulasitiki siikhala yobulungira ndendende, ndipo pothina kwambiri ndi pamene muyenera kutengera. Magiya othinana amatenthetsa mota, otayana amathyola mano. Magalimoto ena ali ndi mabowo olembedwa manambala a mano a pinion; pamenepo ingosankhani bowo loyenera.

Mawaya a mota akhale onenepa, a muyezo wa 14 AWG kapena 12 AWG, ndiponso aafupi. Chowotcherera chikhale cha 60W kapena kuposa. Chofooka chimasiya polumikiza potuwa ndi pa mabumphu, ndipo pamenepo pamatentha mpaka waya kuthothoka galimoto ili pa liwiro. Powotcherera bwino pamakhala posalala ndi powala.

Ikani galimoto pa kabokosi kuti mawilo alendewere. Yatsani rimoti poyamba, kenako ESC. Phunzitsani ESC malo atatu a chokokera cha rimoti, pakati, kutsogolo mpaka mapeto ndi buleki mpaka mapeto, motsatira kabuku kake, ndipo sankhani mtundu wa batire. Mawilo akazungulira chobwerera, pa brushless yopanda sensa (kachipangizo kouza ESC pamene mota yafika pozungulira) sinthanitsani mawaya awiri alionse mwa atatuwo. Pa ya sensa musayerekeze: waya wolembedwa A apite ku A, B ku B, C ku C, ndipo mbali yozungulira isinthidwe pa ESC ngati ili ndi posinthira. Mota yatsopano ya mabulashi iyendetseni kaye pa 3V, pinion itachotsedwa, kwa mphindi 10 mpaka 15 kuti mabulashi akhazikike, n'kudonthezera dontho limodzi la oyilo pa bushi ya mbali iliyonse.

Kuyesa

Yendetsani mphindi 5 pamalo pomwe mumayendetsa masiku onse, muime, muyeze kutentha pakati pa mota. Isapitirire 70°C. Kutentha koposa apo kumafooketsa maginito, ndipo maginito akafooka sabwereranso: mota imachepa mphamvu, imakoka magetsi ambiri, n'kumatentha kuposa kale. Ngati mulibe choyezera, ikani chala mosamala. Mukatha kupirira masekondi 5 zili bwino. Chala chikathawa pomwepo, chotsani mano 2 pa pinion. Mota ikangofunda chabe, onjezani dzino limodzi n'kuyesanso. Fani ndi chitsulo chozizitsira zimathandiza pang'ono, koma sizikonza giya yolakwika, zimangozizitsa kunja pamene m'kati mukupsa.

Zimene mungakumane nazo sizichuluka. Mota ikulira koma galimoto ili chiimire: pinion yamasuka kapena spur yatha mano. Brushless yopanda sensa ikunjenjemera ponyamuka: pang'ono n'chibadwa chake, koma kukachuluka ndiye kuti pinion yakula, batire lafooka kapena waya wina sanagwire. Sevo ikugwedezeka yokha kapena galimoto ikuzima mukakoka mpaka mapeto: mavoti akugwa, onani batire ndi pulagi. Pa rimoti zakale za 27 MHz vuto lomweli limabweranso ndi phokoso la magetsi lochokera ku mabulashi, ndipo limatha mukawotcherera makapasita a 0.1 µF, olembedwa 104, pa miyendo ya mota.

Mphamvu ikawonjezeka, chofooka chotsatira ndi magiya a difu, yogawa mphamvu ku mawilo, ndi mashafuti a mawilo. Musawasinthe onse nthawi imodzi. Tsitsani mphamvu yonyamukira pa ESC, imene imalembedwa kuti punch, ndipo musakoke rimoti galimoto ikamatera kuchokera m'mwamba, chifukwa mawilo othamanga akagunda pansi mwadzidzidzi ndi pamene mano amathyoka. Ngati galimotoyo ili ndi slipper, kachipangizo ka pa spur kamene kamaterereka mphamvu ikachuluka, isiyeni iziterereka pang'ono ponyamuka. Matayala amateni ku mawilo ndi guluu wa CA (supa guluu) kuzungulira mbali zonse ziwiri, mutapukuta kaye mafuta, apo ayi wilo lizingozungulira m'kati mwa tayala.