Kuumba Ampangankhani Amoyo ndi Kuwayankhulitsa Ngati Anthu Enieni

Musanalembe chiganizo choyamba cha nkhani yanu yopeka, dzifunseni kuti mpangankhani wanu, yemwe ndi munthu wa m'nkhaniyo, akufuna chiyani kwenikweni, nanga n'chiyani chikumutsekereza kuchipeza. Chofunacho chikhale chogwirika. Kunena kuti mayi wina akufuna mtendere sikungakupatseni zolemba, koma mukanena kuti akufuna kuti mwana wake wothawa pakhomo abwerere mwamuna wake asanadziwe, mwapeza kale bodza limene mayiyo aname, khomo limene akagogode usiku, ndiponso munthu amene azimuzemba.

Kenaka mupatseni chofooka. Munthu wabwino kotheratu amatopetsa owerenga, ndipo woipa wopanda ngakhale chimodzi chimene amachikonda sakhulupirika. M'chaka cha 1927, mlembi wa ku England E. M. Forster anagawa ampangankhani m'magulu awiri: ena ali ndi khalidwe limodzi lokha ndipo sasintha, pomwe ena ali ndi mbali zambiri moti amatha kudabwitsa owerenga m'njira yoti owerengawo avomereze kuti munthuyu akanachitadi zimenezo. Magulu onsewa ali ndi ntchito yake. Woyendetsa galimoto amene akuoneka pa tsamba limodzi safunika mbiri yonse, koma mpangankhani wamkulu ayenera kukhala wa gulu lachiwirili, monga bambo woumira amene amalipira mobisa ngongole za mng'ono wake. Za kutalika kwake ndi mtundu wa malaya ake musatayepo nthawi yambiri.

Pamene alembi ambiri amapunthwa ndi pa zokambirana. Vuto lalikulu ndi kugwiritsa ntchito pakamwa pa mpangankhani pofuna kuuza owerenga zinthu zimene anthu awiri akuyankhulanawo akuzidziwa kale. Palibe bambo amene angauze mwana wake kuti, "Monga ukudziwa, amayi ako anamwalira uli wamng'ono ndipo ndakulera ndekha." Mawu amenewo alembedwera owerenga, ndipo owerenga amazindikira msanga. Anthu enieni amazungulira, amayankha funso ndi funso linzake, amadulana mawu, ndipo chimene chikuwawawa kwambiri ndicho amachedwa kuchitchula. Taonani bambo yemweyo atapeza kuti mwana wake wamkazi akukonzekera kuchoka:

"Chikwamachi chatsika bwanji pamwamba paja?"

"Ndimangochipukuta fumbi, bambo."

"Usiku uno?"

Mtsikanayo anapitiriza kupinda bulawuzi imene anali ataipinda kale.

"Nyali uzimitse ukamaliza," anatero bambowo, koma pakhomopo sanachokepo.

Palibe amene watchula za ulendo, komabe owerenga amva mantha a onse awiri, ndipo kupinda bulawuzi kachiwiri kwagwira ntchito imene ndime yonse yofotokoza maganizo a mtsikanayo ikanailephera.

Samalaninso ndi mmene anthu anu akuitanirana, chifukwa ubale wawo umaonekera pamenepo. Mkazi amene nthawi zonse amanena kuti "inu" kwa mwamuna wake, tsiku limene adzanene kuti "iwe" owerenga adzadziwa okha kuti zinthu zafika poipa, popanda mlembi kulemba kuti anakwiya. Aliyense akhalenso ndi kayankhulidwe kakekake: wina wa mawu ochepa, wina wokonda kuzemba nkhani ndi nthabwala, wina wosamaliza ziganizo. Njira yoyesera ndi kuphimba maina onse ndi chala n'kuona ngati mungadziwebe amene akuyankhula.

Komabe kuyankhula kwachibadwa sikutanthauza kukopera zonse zimene anthu amanena. Malonje aatali ndi mawu obwerezabwereza achotseni, pokhapokha ngati akubisa mkangano umene uli pansi. Mawu oti "anatero" kapena "anafunsa" ndi okwanira nthawi zambiri, ndipo kusakasaka ena apamwamba pa mzere uliwonse kumangosokoneza. Mukamaliza kulemba, werengani zokambiranazo mokweza, kapena pemphani mnzanu awerenge mbali ya mpangankhani mmodzi inu muwerenge ya winayo. Paliponse pamene lilime lakodwa kapena mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, ikanipo chizindikiro, ndipo mzere umenewo muufupikitse kapena muulembenso.