Momwe mungapangire chopaka pa buledi cha wodwala impso m'malo mwa poloni

Bambo anga atawapeza ndi matenda a impso, chomwe chinawavuta kusiya ndi poloni ndi nyama yam'chitini yopaka pa buledi. Zinthu zimenezi zimadzaza mchere, komanso amathiramo mankhwala otchedwa fosifeti kuti zisawonongeke msanga. Impso zofooka sizitha kutulutsa zonsezi. Mukaona E450, E451 kapena E452 (manambala oimira fosifeti) pa pepala la paketi, bwezerani pa shelefu. Poloni yodulidwa kale yomwe ena amagulitsa padzuwa yopanda pepala lililonse, musayandikireko n'komwe.

Yambani ndi nyama yaiwisi. Ine ndimagula chambo m'mamawa ku Senga Bay, ngakhale mtengo wake masiku ano ukuwawa; chidali cha nkhuku ya pakhomo chimachitanso bwino. Chenjerani ndi ogulitsa ena omwe amawaza mchere nsomba zadzulo kuti zioneke zalero. Yang'anani makha ngati ali ofiira, maso ali owala. Usipa wouma ayi, chifukwa umadyedwa ndi minga yomwe, ndipo muminga muli fosifolasi wambiri, yemwenso amapezeka mu fosifeti uja.

Wiritsani m'madzi ambiri opanda mchere, madziwo mutaye. Musawasunge ngati msuzi.

Tsopano pa zokometsera, pomwe ine ndinalakwitsa. Bambo ankadandaula kuti chakudya sichikukoma, ndiye ndinagula ku shopu ina mchere wolembedwa kuti "low sodium", ndili wokondwa kuti ndapeza yankho. Ndinkathira tsiku lililonse. Patapita milungu ingapo anayamba kufooka miyendo, kudzuka pampando kunkawavuta. Atawayeza magazi ku Lilongwe, potaziyamu (mtundu wina wa mchere wa m'magazi) anali wokwera, ndipo adokotala atandifunsa zomwe ndimathira m'chakudya ndinazindikira kuti ndi mchere uja. Umapangidwa ndi potassium chloride, ndipo potaziyamu akachuluka m'magazi amatha kuimitsa mtima. Usiku umenewo sindinagone. Timakyubu ta supu natonso tili ndi mchere wambiri. Munthu wodwala impso asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera ndi womwe uli kale mu buledi.

Zomwe ndimathira pano ndi anyezi wokazinga pang'ono, adyo, madzi a ndimu ndi supuni ya mafuta ophikira. Tomato ndinasiya chifukwa cha potaziyamu yemweyo.

Chotsani minga yonse ndi zala, musinje mumtondo waung'ono mpaka zisalale. Ikani m'kabotolo kotsuka bwino, m'furiji, masiku osapitirira awiri. Ndi kutentha kwa kuno ku Salima, magetsi akazima tsiku lonse ndimataya, sindiyerekeza. Nchifukwa chake ndimapanga zochepa.

Kuchuluka kwake funsani adokotala anu, poti yemwe ali pa dialysis (kusefa magazi ndi makina) amafunika nyama yochulukirapo kusiyana ndi yemwe sanayambe. Adokotala anawalola bambo masupuni awiri m'mawa.