Musanakumbe maziko a nyumba za lendi m'tauni

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani ku Lilongwe, ndipo ambiri amene amabwera kwa ine amafika atagula kale njerwa ndi mchenga. Amati, "Tijambulireni mdadada wa zitseko sikisi, tikufuna alendi alowe mvula isanagwe." Ine ndimafunsa kaye pepala la malo.

Malo a m'tauni ali ndi eni ake osiyanasiyana. Ena ali m'manja mwa Unduna wa Zamalo, ena a Malawi Housing Corporation, ena a khonsolo ya mzinda. Kakalata kolembedwa ndi bolopeni pamaso pa mfumu ya m'dera, ngakhale kakhale ndi chidindo, sikakuthandizani ku ofesi yovomereza mapulani. Pitani kwa mwini malo weniweni, mukasinthitse dzina kuti likhale lanu, mulipire ngongole za ground rent (lendi ya malo) ndi ma city rates (msonkho wa khonsolo) ngati wogulitsayo anazisiya. Kenaka itanani wopima malo akuonetseni mabikoni onse, zizindikiro zosonyeza malire a puloti. Madobadoba amaloza malire ndi chala, koma chala sichikhala m'kaundula.

Tsopano funsani kuti pulotiyo analembera ntchito yanji. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, limafuna chilolezo musanamange, komanso musanasinthe kagwiritsidwe ntchito ka malo. Puloti yambiri ya m'madera okonzedwa bwino inalembedwa kuti pakhale nyumba ya banja limodzi. Mukafuna kuikapo mabanja asanu, kapena kagolosale kutsogolo, mupemphe kaye. Ku Area 47 yankho silingafanane ndi la ku Area 25 kapena Area 36, kumene nyumba zimathithikana kale.

Pa pulani pomwepo ndi pamene timakangana kwambiri ndi alandilodi. Iwo amawerenga zitseko, ine ndimawerenga zimbudzi. Banja lililonse lomwe mwaonjezera likufuna posambira, potaya madzi, poyanika zovala, pophikira pa mbaula. Septic tank ndi dzenje lake lomwera madzi zimadya malo, ndipo ziyenera kukhala poti galimoto yopopa ifike. Ndaonapo puloti yomangidwa mpaka kukhudza mpanda mbali zonse, kanjira kake kongokwana munthu wosenza ndowa. Thanki itadzaza m'mwezi wa February, paipi ya galimoto sinafike, alendi anayamba kusamuka mmodzimmodzi. Ndiye siyani mpata pakati pa khoma ndi malire monga akuuzirani a khonsolo, ndipo chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotsegukira panja. Zitseko zinayi zokhala ndi anthu chaka chonse zimaposa sikisi zothawitsa alendi.

Malo ena musawayese n'komwe: m'dambo, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, pamalo osiyidwira msewu, pamtsetse wa phiri. Zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu March 2023 tonse tikuzikumbuka.

Mapulani akatha, aperekeni ku khonsolo pamodzi ndi mapepala a malo, mulipire pa kauntala, risiti musunge. Komiti yoona za mapulani imakumana nthawi yake, ndiye mudikire. Musamvere mmisiri wokuuzani kuti tiyambe, chidindo chitipeza tili pa lintala. A khonsolo akakulemberani X wofiira pakhoma kusonyeza kuti mwamanga mosaloledwa, mmisiriyo adzakhala ali pa ntchito ina.

Chilolezo chikatuluka, mangani zomwe zili papepalapo, ndipo kope limodzi lizikhala pamalo a ntchito kuti oyendera akabwera alione. Ngati ndalama zilipo, lembetsani ku ESCOM mita ya khomo lililonse. Milandu ya mayunitsi pa mita imodzi imayamba tsiku lomwe mlendi mmodzi wagula hotplate.