Kadimba ka kuseri kwa nyumba kayambe ndi madzi

Malo amene ndimalimapo ndiwo ndi kampata ka pakati pa khoma la bafa ndi mpanda wa alandilodi, kuno ku Area 25 mu Lilongwe. Ukaponya mapazi khumi wafika kumapeto. Komabe kuyambira Juni mpaka Novembala pakhomo pathu sitigula masamba pamsika, ndipo masiku ena mayi oyandikana nawo amatuma mwana kudzapempha kamtolo ka mpiru. Anthu akandifunsa kuti ayambe bwanji, ine ndimawafunsa kaye kuti madzi amatunga kuti.

Dimba musaliyeze ndi kukula kwa malo. Liyezeni ndi madzi amene mungathe kupeza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mpopi ukungotulutsa mpweya. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali limamwa makeni awiri kapena atatu a malita 10 tsiku lililonse kukatentha. Mabedi atatu ndiye kuti zigubu zitatu mpaka zinayi ndi theka za malita 20, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. Ngati msana wanu kapena bilu ya madzi sizingalole, yambani ndi bedi limodzi basi. Ine chaka choyamba ndinapanga asanu ndi limodzi chifukwa cha phuma, atatu anauma ndikuona. Madzi otsukira mpunga, nyemba ndi masamba musataye, ngakhale otsukuluzira zovala omaliza aja. Amene ali ndi sopo wambiri, mafuta kapena mchere okhawo ndi amene sindithira kumbewu.

Sankhani pamene dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka kupitirira masana. Pansi pa mtengo wa mango masamba amangotalika osanenepa, ndipo pafupi ndi bulugamu mudzakhala mukuthirira mtengowo.

Musanagule mbewu, mangani mpanda. Nkhuku imodzi ya mnzanu imatha kufukula nazale yonse inu mukupakula nsima. Zinandichitikira, ndipo nditapita kukadandaula ndinangouzidwa kuti, "Pepani amayi, nanga nkhuku tiimange chingwe?" Ankanena zoona. Udzu, mapesi, bango kapena matumba akale osokerera pa timitengo, zonse zimagwira ntchito bola pansi pasakhale mpata. Neti ya udzudzu imene ikadali yabwino isiyeni kuchipinda.

Dothi la m'tauni ndi lotopa, lodzaza zidutswa za njerwa, majumbo ndi zitsekerero za mabotolo. Tipulani mozama, masentimita ngati 30, mukutola zinyalalazo ndi kuphwanya zibuma. Kenako thirani manyowa, ndowa imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse ya bedi, n'kusakaniza ndi khasu. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Zitosi za nkhuku zimene zangotoledwa kumene m'khola ndi moto, zimawotcha mbande mpaka kufiira. Manyowa okhwima amakhala akuda, ofumbutuka, sanunkha, ndipo ukapisamo dzanja satentha. Anga ndimapangira m'dzenje la pakona: masamba osesa pabwalo, makoko a nthochi ndi a mbatata, udzu, kaphulusa pang'ono, zitosi kapena ndowe zikapezeka, n'kuwaza madzi. Ndimatembenuza pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala apsa. Fetereza ndi wothandiza ngati mwamupeza, koma pa dothi lopanda manyowa madzi amangodutsa ngati m'sefa.

Kapangidwe ka bedi kamatsata nyengo. M'chilimwe likhale lolowa pansi pang'ono ngati beseni, lokhala ndi kamlambala m'mphepete kuti madzi asathawe. M'dzinja likweze, mizu isamire. Lisapose mita imodzi m'lifupi, kuti muzifika pakati ndi dzanja osapondamo.

Mpiru, repu, chayinizi, tomato ndi anyezi zimayambira pa nazale. Nazale yanga ndi beseni lakale lobooka pansi. Ndimadzazamo dothi losefa losakaniza ndi manyowa, ndimalemba timizere ndi chala, n'kufesa mopatula, kukwirira pang'ono chabe, kenako kuphimba ndi udzu wouma ndi kuthirira. Sabata isanathe zimamera, ndipo udzu uja muuchotse msanga, apo ayi mbande zimatuluka zoyera, zazitali ngati ulusi. Paketi yonse musafese kamodzi. Tsinani pang'ono, milungu itatu ikatha mutsinenso. Mukafesa yonse, mpiru umakula tsiku limodzi, mumadya mpaka ana kuyamba kudandaula, kenako mwezi wathunthu dimba lili mbee.

Mbande za masamba zimawokeredwa pakatha milungu itatu kapena inayi, zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu. Anyezi amachedwerapo, amafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa. Wokerani madzulo. Thirirani nazale kaye kuti mbande izuke ndi dothi lake, siyani masentimita 30 pakati pa mbande ndi inzake, tsinderani ndi zala, thirirani. Mawa lake zidzaoneka ngati zafa, musataye mtima. Zikadzuka yalani udzu wouma pabedi ponse kupatula patsinde penipeni. Udzu umenewu ndi umene umandipulumutsa mu Okutobala, chifukwa pansi pamakhalabe chinyontho mpaka madzulo, ndipo zomera zosafunika zimachepa.

Tsono kunena mosabisa, ndiwo zimene zimabweza thukuta kwambiri si za m'mapaketi. Bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa sizifuna nazale, ndipo mvula ikayamba, mpiru ukamavutika ndi tizilombo, izo ndi pamene zimasangalala. Njere za bonongwe n'zazing'ono kwambiri, choncho zisakanizeni ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane. Maungu bzalani pamphepete, ayange pampanda. Agogo anga ku Dedza sankaona ngati bonongwe ndi chinthu chobzala, ankangomusiya pamene wamera pafupi ndi khola. Akanaseka kundiona ndikumuyezera mizere.

Tomato ndi mwana wovuta kulera. Amafuna mpata wa masentimita 60, kamtengo komumangirirapo ndi luzi, kumuchotsa mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba, ndi kumuthirira pansi osanyowetsa masamba. M'dzinja chiwawu chimamupsereza m'masiku ochepa, m'chilimwe akangaude ofiira ndi timbozi toboola masamba ndi zipatso timamupeza. Ngati mukungoyamba kumene, bzalani mitengo inayi kapena isanu nyengo yopanda mvula, muphunzirepo. Ndipo pamene pachoka tomato musabzalepo tsabola, mabilingano kapena kachewere, n'zapachibale, matenda ake ndi amodzi. Chimodzimodzi mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi. Ikanipo nyemba kapena anyezi kaye.

Pothirira m'mawa muzitembenuza masamba. Nsabwe zimayambira kunsi, ndipo ukamaona tsamba likupiringizika ndiye kuti zakhazikika kale. Zikadali zochepa ndimangozifikisa ndi chala, mbozi ndimatola n'kuponyera nkhuku zomwe zija. Zikachuluka ndimasinja tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja ndi adyo, kapena masamba a nimu, n'kuviika m'malita asanu a madzi usiku wonse. Mawa ndimasefa, ndimasungunuliramo kachidutswa ka sopo wochapira, n'kuwaza madzulo kunsi kwa masamba. Samalani maso, kambuzi alibe chibale. Mukagula mankhwala a kusitolo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwadikiredi, poti odya ndi ana anu omwe.

Pothyola yambani ndi masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa tsinde lililonse, a pakati muwasiye. Mukatero mpiru umakudyetsani mwezi ndi kuposa usanatulutse maluwa. Bonongwe mtsineni kunsonga, amaphuka nthambi zambiri. Tsinde limodzi lonenepa kwambiri musalikhudze, lisiyeni lichite ngala mpaka kuuma, mudzapukusire m'lichero. Njere zanga ndimasunga m'kabotolo kouma bwino kothira kaphulusa, pamwamba pa kabati pamene ana safika.