Werengani ma big blind musanasuzumire makadi

Ndikakhala patebulo la no-limit hold'em, mtundu wa poker wopanda malire pobetcha, makadi amabwera pambuyo. Ndimayamba ndawerenga ma chips, anga ndi a anzanga. Ndikunena timapulasitiki tozungulira tija, osati tchipisi cha pachiwaya.

Powerenga, gawani ma chips anu ndi big blind, yomwe ndi ndalama yaikulu pa ziwiri zimene osewera awiri amakakamizidwa kuika pakati makadi asanagawidwe. Ngati big blind ndi 200 ndipo muli ndi 20,000, ndiye kuti muli ndi ma big blind 100. Kenako yang'anani mulu wa amene mukulimbana naye. Akakhala ndi 3,000 yokha, nonse awiri mukusewera ma big blind 15, chifukwa simungamudyere zimene alibe.

Zimenezi zimaonekera bwino mukalandira makadi awiri ang'onoang'ono ofanana, tinene ma 5 awiri. Wina wakweza kufika ma big blind atatu. Kodi mulowe? 5 wachitatu amatuluka pa flop (makadi atatu oyamba oikidwa poyera patebulo, a aliyense) pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu, maulendo enawo mumangotaya makadi. Choncho tsiku limene watuluka liyenera kubweza zonse mwakhala mukuluza. Ine ndimalowa pokhapokha tonse awiri tili ndi mulu woposa ndalama yolowerayo ka 15, apa ma big blind 45 kupita m'tsogolo. Wa ma big blind 12 ndimamusiya apite, m'thumba mwake mulibe chondilipira.

Mulu wanu ukatsika kufika ma big blind 10, zosankha ndi ziwiri: all-in (kukankha ma chips onse) kapena kutaya makadi. Kukweza atatu kenako n'kuthawa n'kudzidula nokha miyendo.

Pamene anthu timapsa kwambiri ndi pa mulu waukulu. Usiku wina kunyumba kwa mnzanga ndinali ndi ma big blind 150, m'manja Ace ndi King. Flop inabwera King, 7, 2. Mtima unangoti myaa. Pakati panali ma big blind 7 okha, koma ndinabetcha, iye n'kukweza, ine n'kukwezanso, mpaka zonse zinalowa. Mkuluyo, yemwe usiku wonse amangomwa tiyi osasewera dzanja lililonse, anatembenuza ma 7 awiri mwakachetechete: ndi wa pa flop uja ma 7 atatu, oposa ma King anga awiri. Ndinabwerera kunyumba ndili kakasi.

Cholakwa chinali chakuti ndinalibe pulani. Masiku ano flop ikangotuluka ndimayerekeza mulu wotsala ndi ndalama zili pakati. Pakati pakakhala 20 ine n'kutsala ndi 40, ma King awiri ndi Ace ndi okwanira kupita nawo mpaka kumapeto, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Koma pakati pakakhala 7, kumbuyo kuli 150, ndimabetcha pang'onopang'ono, ndipo munthu wofatsa akandikwezera kawiri ndimataya, ngakhale zimawawa.

Funso limeneli dzifunseni musanakweze n'komwe: akandikankhira zonse, ndilowa kapena ayi? Yankho likakhala ayi, musakulitse ndalama za pakati.