Kuvota sikufuna satifiketi, koma mapepala awiri awa musawasowe

Masankho akayandikira, ena amati voti izikhala ya anthu ophunzira kapena okhoma msonkho okha. Zimenezo dziko lino la Zambia linaziyesa kale. Chipata isanasiye dzina la Fort Jameson, atsamunda ankayang'ana malipiro, katundu ndi maphunziro a munthu, ndipo mu 1962 ovota anagawidwa m'makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi. Masankho a Januwale 1964 ndiwo anatsegulira wamkulu aliyense. Lero ndime 46 ya malamulo a dziko imafuna kuti mukhale nzika ya Zambia ya zaka 18, basi. Satifiketi ya Giredi 12 amaifuna kwa wopikisana nawo pa mpando, osati kwa wovota. Ngakhale akaidi anavota mu 2021, khoti la Constitutional Court litagamula mu 2017. Chimene chimalepheretsa anthu ambiri kuno ndi mapepala awiri: chitupa cha unzika (NRC) ndi kadi yovotera.

Yambani ndi NRC yobiriwira. Imatengedwa munthu akafika zaka 16, ku ofesi ya National Registration ya m'boma lanu. Pitani ndi kholo kapena wachibale amene ali ndi NRC yake, ndipo nyamulani satifiketi ya kubadwa kapena kadi ya kusikelo. Kwa okhala kufupi ndi malire, monga ku Mwami kapena ku Vubwi, mafunso amachuluka chifukwa abale ali mbali zonse ziwiri, choncho kalata ya anyakwawa imathandiza. NRC ya pinki kapena ya buluu ndi ya alendo, savotera. Ikatayika yanu, yambirani kupolisi kukatenga lipoti.

Kenaka kalembetseni a ECZ, bungwe loyendetsa masankho, akatsegula kalembera, inuyo mwini, osatuma munthu. Sankhani malo amene mudzawafike pa tsiku lovota, chifukwa dzina limaoneka pa malo amodzi okhawo. Wolembetsa ku Lusaka sangavotere ku Kapata. Musanachoke patebulo, yerekezani kadi yovotera ndi NRC: dzina, nambala, tsiku lobadwa. Nambala imodzi ikaphonyeka, vuto limadzaonekera pamzere. Kulembetsa kawiri ndi mlandu. Dziwaninso kuti mu 2020 kaundula anayambidwa watsopano, kotero makadi akale kuposa apo alibe ntchito.

Gawo limene ambiri amalinyalanyaza ndi kuyendera kaundula wongoyembekezera wa ovota akaikidwa poyera. Nthawi yokonza zolakwa ndi imeneyo.

Masankho aakulu amachitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pakapita zaka zisanu zilizonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 18 koloko. Nyamulani zonse ziwiri, NRC ndi kadi yovotera. Imodzi yokha sikwanira. Malaya ndi zitenje za chipani zisiyeni kunyumba. Akakupezani m'kaundula amakupakani inki pachala, n'kukupatsani mapepala. Onani kuti kumbuyo kwa pepala lililonse kuli chidindo. Lembani X imodzi m'kabokosi ka munthu mmodzi. Mukachonga awiri, kapena kulembapo dzina lanu, voti imakanidwa powerenga. Mukalakwitsa musanaponye, bwezani pepalalo kwa woyang'anira malo akupatseni lina.

Agogo osadziwa kuwerenga kapena osaona bwino asatsale kunyumba. Ali ndi ufulu wothandizidwa ndi munthu amene amukhulupirira, kapena ndi woyang'anira malowo, ndipo wothandizayo ayenera kuchonga pamene iwo anena, osati pamene iye akufuna.